Pogula hard drive: ng'ombe ya mkaka sikoka ngolo

Chakudza sichiimba ng'oma. Mu Okutobala 2023 kumudzi kwathu, chakufupi ndi Nathenje, kudali chinkhoswe cha mwana wa mchemwali wanga, ndipo ine monga mtsibweni ndidapatsidwa udindo wopeza wojambula vidiyo. Ndidapeza mnyamata wina waulemu wake, amene masiku ena onse amakhala m'kashopu kake pamsika n'kumaika nyimbo ndi mafilimu m'mafoni a anthu. Tsikulo adagwira ntchito yotamandika. Adajambula mayi anga, nkhalamba ya zaka zoposa 80, akulangiza mdzukulu wawo, kenaka akudzuka pamphasa n'kulowa m'bwalo la chimtali amayi anzawo akululutira.

Mayiwo adatisiya mu Febuluwale 2024. Titameta, abale adati ndikatenge vidiyo ija kuti aliyense akhale nayo m'foni mwake. Mnyamata uja ndidamupeza atazyolika.

"Pepani achikulire, hard drive yafa. Tamvani nokha," adatero uku akuyatsa kompyuta.

Mkatimo mudamveka kaphokoso kobwerezabwereza, ngati nkhuku ikujompha chimanga palata. Pagalasi sipadaoneke kanthu. M'kachitsulo kameneko mudali nyimbo zake zonse, mafilimu a ku Nigeria ndi aja omasuliridwa m'Chichewa, maukwati a mabanja ena, ndi mayi anga akuvina. Mpamba wake wonse udali momwemo, ndipo adalibe pena pomwe adasunga.

Tidapita nako kwa wokonza makompyuta wina mumzinda wa Lilongwe. Iye adangowerenga kapepala komata pamwamba pake n'kupukusa mutu. Idali hard drive yopangidwa mu 2011, yopangidwira kompyuta ya muofesi yoyaka m'mawa n'kuzima madzulo. Mnyamata uja adaigula yogwiritsidwa kale ntchito, n'kumaikwapula kuyambira mbandakucha mpaka usiku, masiku onse a sabata, magetsi akuthimathima, fumbi la pamsika likulowa.

"Mwamanga ng'ombe ya mkaka pagoli, bambo," adatero wokonzayo. "Ikoka ndithu ngoloyo, koma osati nthawi yaitali."

Ambirife tikamagula chipangizochi timafunsa mafunso awiri okha: ndi ya ma GB angati, ndipo ndi ndalama zingati. Funso lachitatu, lomwe likadapulumutsa mnyamata uja, sitifunsa: kodi idapangidwira ntchito yanji?

Komatu funso lotere si lachilendo kwa mlimi wa ku Mitundu. Akalowa m'sitolo yogulitsa mbewu sangoti "mundipatse chimanga." Amadziwa kuti Kanyani imacha msanga, pomwe Njobvu imafuna mvula yotalika ndi munda wodyetsedwa bwino. Zonse ndi chimanga, mapaketi ake ngofanana kukula, koma wodzala mbewu yochedwa kucha mvula itapita kale amadzalira yekha. Ma hard drive nawo ngotero. Kunja amafanana ngati mapasa, onse amalowa pamalo amodzimodzi m'kompyuta, koma opanga adawasiyanitsa ndipo adalemba kusiyanako pakapepala kamene ambirife sitiwerenga.

Zomwe zili mkati

Amene adaonako galamafoni savutika kumvetsa. M'kati mwa hard drive muli timbale tosalala tomwe timazungulira, ndi kamkono kokhala ndi kamutu kunsonga, kamene kamalemba ndi kuwerenga pambalepo pogwiritsa ntchito mphamvu ya maginito. Kusiyana kwake ndi galamafoni n'kwakuti kamutuko sikakhudza mbale. Kamayandama pamwamba pake, ndipo mpata wa pakatipo ngochepa moti tsitsi limodzi la munthu n'lonenepa kuposa mpatawo maulendo masauzande. Timbaleto timazungulira ka 5,400 kapena ka 7,200 pamphindi imodzi, kutanthauza ka 90 kapena ka 120 pa sekondi.

Tsono taganizani chomwe chimachitika wina akagunda tebulo, kapena mwana akakoka chingwe kachipangizoko n'kugwa kali mkati mozungulira. Kamutu kaja kamakanda mbale, ndipo pomwe pakandikapo zolembedwa zapita. Kaphokoso kamene ndidamva m'kashopu kaja kadali kamkono kakufunafuna poyambira, osapapeza, n'kumabwerera.

Chipangizochi chidayamba mu 1956 ndi kampani ya IBM ya ku America. Choyambacho chidali chachikulu ngati mafiriji awiri, cholemera pafupifupi tani, chokhala ndi mbale 50, koma chinkasunga zinthu zosaposa 5MB. Lero nyimbo imodzi yokha ikadachidzaza. Hard drive ya 1TB, yokwana m'thumba la malaya, imasunga mafilimu pafupifupi 1,000 a mtundu umene amaika m'mafoni uja. Makampani ambiri amene ankapanga zipangizozi adagwa kapena kugulidwa ndi anzawo, ndipo padziko lonse atsala atatu: Western Digital, amene ambiri amangoti WD, Seagate ndi Toshiba. Mukaona dzina lina pabokosi la hard drive yonyamula m'manja, dziwani kuti m'katimo muli ya mmodzi mwa atatuwa.

Ya muofesi ndi ya pakamera

Kampani ya WD idasankha kusiyanitsa ndi mitundu ya kapepala, pomwe Seagate imagwiritsa ntchito maina a nyama ndipo Toshiba imaika zilembo ndi manambala.

Yofala kwambiri, yotsikanso mtengo, ndi ya kompyuta wamba: WD Blue ya kapepala kobiriwira ngati thambo, Seagate BarraCuda, kapena Toshiba P300. Iyi ndiyo ya mlembi wa pasukulu, ya kashopu kotayipa makalata ndi kusindikiza makadi a ukwati, ya kompyuta ya pakhomo. Opanga amayembekezera kuti zolembedwa ndi zowerengedwa pachaka zisapitirire 55TB, ndipo m'mabuku a Seagate BarraCuda amaiwerengera maola 2,400 pachaka. Chaka chili ndi maola 8,760. Apa n'zoonekeratu kuti idapangidwa kuti izigona usiku ngati mwini wake. Ikagwiritsidwa ntchito motero imatha zaka zambiri popanda chovuta, ndipo palibe chifukwa choti banja liwononge ndalama kugula ina yoposa apa.

Vuto limayamba pamene hard drive yotereyi yaikidwa pantchito yopanda tulo, ndipo ntchito yopanda tulo imene yafala m'misika yathu ndi ya makamera achitetezo. Masitolo ogulitsa feteleza ndi mbewu, mahawuluselo, malo omwetsera mafuta, ngakhale ena otumiza ndi kulandira ndalama pafoni, ambiri tsopano adapachika makamera, makamaka poganizira nyengo yogula soya, mtedza ndi fodya pamene ndalama zimagona m'sitolo. Makamerawo amatumiza zithunzi ku kabokosi kotchedwa DVR, ndipo m'kabokosimo mumakhala hard drive. Nthawi zambiri kabokosika kamagulitsidwa kopanda hard drive, ndiye woika makamera amangotenga iliyonse imene waipeza motchipa. Mwini sitolo amaona zithunzi zikuyenda pagalasi n'kumagona mtima uli m'malo, osadziwa kuti zooneka pagalasi ndi zina, zosungika ndi zina.

Tiyeni tiwerengetse. Kamera imodzi yojambula zithunzi zooneka bwino ikhoza kudya pafupifupi 20GB patsiku, malinga ndi momwe aitchera. Makamera anayi ndi 80GB, ndiye hard drive ya 1TB imadzaza pakatha masiku 12 okha, kenaka kabokosi kamayamba kufufuta zakale n'kulembapo zatsopano. Makamera asanu ndi atatu amalemba zoposa 58TB pachaka, kupitirira kale malire a hard drive wamba, ndipo amatero usana ndi usiku osapuma.

Ntchito imeneyi ili ndi eni ake: WD Purple ya kapepala kofiirira ngati duwa la jakaranda, imene idatuluka mu 2014, Seagate SkyHawk, ndi Toshiba S300. Izi zidapangidwa kuti ziziyaka chaka chonse ndipo zimaloledwa kufika 180TB pachaka. Koma kusiyana kwenikweni kuli pakhalidwe. Hard drive wamba ikapeza malo ovuta pambale imaima n'kumayesa mobwerezabwereza mpaka zitheke, chifukwa kalata kapena buku la ndalama likasowa chilembo chimodzi likhoza kukana kutseguka. Kamera ilibe nthawi yodikira zotero. Ikamatumiza zithunzi hard drive ili kalikiliki kukonza cholakwika, zithunzi za masekondi amenewo zimatayika, ndipo mwina m'masekondi omwewo ndi mmene wakuba adatembenuzira nkhope kukamera. Ya pakamera imalolera kadontho koipa pachithunzi chimodzi, bola isaime kulemba.

Mwini sitolo aliyense amene ali ndi makamera achite zinthu ziwiri sabata ino. Apemphe amene adamuikira kuti atsegule kabokosi aone yekha kapepala ka hard drive. Kenaka aphunzire kubweza zithunzi za dzulo usiku, ndipo azichita zimenezi kamodzi pasabata. Tsiku lopita kupolisi si tsiku lotulukira kuti kabokosi kadasiya kusunga miyezi itatu yapitayo.

Nanga ya pakamerayi mukaiika m'kompyuta wamba? Igwira ntchito, siphulika. Kungoti siithamanga kuposa inzake potsegula mapulogalamu, chifukwa idazolowera kulemba mondondoza ngati wolima mzere, osati kudumphadumpha uku ndi uku.

Zokhala m'gulu

Mtundu wachitatu ngwa m'mabokosi otchedwa NAS, momwe mumakhala ma hard drive awiri, anayi kapena kuposerapo, onse akugwira ntchito pamodzi kuti makompyuta angapo a muofesi azisunga zinthu pamalo amodzi. Kawirikawiri amawatchera kuti cholembedwa pa imodzi chizilembedwanso pa inzake, moti imodzi ikafa ntchito siima. Awa ndi WD Red Plus, Seagate IronWolf ndi Toshiba N300. Amayenerera malo ngati sukulu yaukachenjede, ofesi ya kopaletivi ya alimi kapena bungwe losunga ndi kubwereketsa ndalama.

Amayi anayi akamasinja pabwalo limodzi, nthaka imanjenjemera ndipo mtondo uliwonse umamva misi ya anzake. Ma hard drive oyandikana nawo amagwedezana chimodzimodzi, ndipo a NAS adapangidwa kuti apirire zimenezi. Akapeza malo ovuta pambale amayesa kwa masekondi pafupifupi 7 n'kusiya, podziwa kuti mnzawo ali nacho chinthucho. Hard drive wamba ikaikidwa m'gulu lotere imakakamira pamalo ovutawo nthawi yaitali, bokosi n'kuiyesa yakufa n'kuichotsa m'gulu.

Banja wamba silifunikira bokosi lotere. Koma wojambula maukwati amene ntchito yake yakula, amene Loweruka lililonse amabwera ndi vidiyo ya tsiku losabwerezeka la anthu ena, aliganizire asadagule kamera yachiwiri.

Apa pali nkhani imene idautsa mapiri pachigwa mu 2020. Pofuna kuti zambiri zikwane pambale imodzi, opanga adapeza njira yotchedwa SMR, yolemba mizere mosanjikiza m'mphepete ngati momwe timafolerera nyumba ndi udzu. Denga lotere n'labwino, koma ukafuna kusintha udzu wa pakati umayenera kusasula ndi wapamwamba womwe. Hard drive ya SMR nayo ikafuna kusintha mzere umodzi imalembanso mizere yoyandikana nayo, choncho ikapatsidwa zolemba zambiri nthawi imodzi imayamba mothamanga kenaka n'kuyenda ngati birimankhwe. M'chaka chimenecho zidadziwika kuti WD imagulitsa ma WD Red ena a 2TB mpaka 6TB opangidwa mwanjirayi osauza ogula, ndipo Seagate ndi Toshiba nawo adavomera kuti ena mwa ma hard drive awo wamba ngotero. Ogula atakwiya, WD idasiyanitsa maina: olemba mwanjira yakale, yotchedwa CMR, adayamba kutchedwa Red Plus.

Izi zikukhudza anyamata obena nyimbo a pa Mitundu ndi pa Nathenje. Ya SMR ndi yabwino posungira mafilimu amene waika kamodzi n'kumangokopera makasitomala, koma ndi yotopetsa kwa amene tsiku lililonse amafufuta ndi kuika zatsopano zambirimbiri. Ma hard drive ambiri ang'onoang'ono onyamula m'manja a masiku ano ndi a SMR. Si kuti ngachinyengo ayi, ntchito yawo ndiyo ina. Tisaiwalenso kuti nyimbo zili m'menemo zili ndi eni ake. Lamulo la za umwini wa luso la 2016 lidatsegula njira yoti zipangizo zosungira nyimbo ndi mafilimu zizidulidwa kangachepe polowa m'dziko muno, ndalama zimene bungwe la COSOMA limagawira aluso, koma zimenezi sizichotsa udindo wa wochita malonda ndi nyimbo za anthu wokatenga chilolezo kubungwelo.

Zikuluzikulu za m'makampani

Pamwamba pa onse pali ma hard drive a m'nyumba zikuluzikulu zosungira zinthu za mabanki, makampani a mafoni, Facebook ndi YouTube: WD Gold ndi Ultrastar, Seagate Exos, Toshiba MG. Awa amaloledwa 550TB pachaka, kuchulukitsa ka 10 poyerekeza ndi wamba, ndipo opanga amawaikira chitsimikizo cha zaka zisanu pomwe wamba amapatsidwa ziwiri. Kuyambira mu 2013 akuluakulu a mtunduwu amadzazidwa ndi mpweya wopepuka wa helium kuti timbale tambiri tizizungulira mosavuta.

Wina angaganize kuti imeneyi ndiyo yofunika kugula basi. Koma ndi thalakitala m'dimba la masamba. Imachita phokoso, imatentha, imadya magetsi ambiri, ndipo imafuna malo ozizira. Choopsa china n'chakuti ambiri amene amafika kuno pamtengo wokopa amakhala atagwira kale ntchito zaka zingapo kunja osazimapo. Ena mwa iwo ali ndi polumikizira pa mtundu wa SAS, pomwe makompyuta athu wamba amalandira SATA. Kuyang'ana mwachangu mpofanana, koma ya SAS siigwira m'kompyuta wamba. Mukaona zilembo zitatuzo pakapepala, bwezani ndalama m'thumba.

Ya m'chikwama, ndi ina yopanda mbale

Wophunzira wa ku Bunda amene akusunga kafukufuku wake wa chaka chomaliza, mphunzitsi woyenda ndi laputopu, mlangizi wa zaulimi wokwera njinga yamoto m'misewu yafumbi yolowera kumidzi, onsewa vuto lawo si maola ambiri koma mabampu. Hard drive yaing'ono ya mainchesi 2.5 ili ndi ubwino wake: imatenga mphamvu pachingwe cha USB chomwecho, choncho imayenda bwino pakhomo podalira sola ndi batire, pomwe yaikulu ya mainchesi 3.5 imafuna kulumikizidwa kumagetsi payokha. Koma nayonso ndi timbale tozungulira. Ikakhala yozima imapirirako kugwedezeka, koma ikagwa ili mkati mogwira ntchito nthawi zambiri nkhani imathera pomwepo.

Kwa anthu oyendayenda yankho ndi SSD. M'kati mwake mulibe mbale kapena kamkono, muli timatchipi ngati ta m'fulashi kapena memory card ya m'foni, koma tolimba ndi tothamanga kwambiri. SSD wamba imawerenga pafupifupi 500MB pa sekondi pomwe hard drive ya mbale imachita pakati pa 100 ndi 200, ndipo potsegula mapulogalamu kusiyanako kumakula koposa. Laputopu yakale imene imatenga nthawi yophika tiyi kuti iyake imasanduka yatsopano ikaikidwa SSD. Ine ndimaona kuti pa ndalama zonse zimene munthu angaike pa kompyuta yakale, zogula SSD ndizo zimaoneka phindu lake tsiku lomwelo.

Komabe walira mvula walira matope. Pa ndalama zomwezo SSD imakupatsani malo ochepa poyerekeza ndi ya mbale, ndiye wosunga mafilimu masauzande sangaikwanitse. Ikamafa kawirikawiri siichenjeza ndi phokoso, imangosowa ngati mphezi yaiomba, ndipo kupulumutsa zili m'katimo n'kovuta. Siyeneranso kutsekeredwa m'sutikesi zaka zambiri osayatsidwa, chifukwa timatchipi timasunga zinthu ndi mphamvu ya magetsi imene imatha kuchucha pang'onopang'ono, makamaka potentha. Wobena nyimbo wanzeru amakhala ndi zonse ziwiri: SSD yaing'ono yoyendetsa kompyuta, ndi ya mbale yaikulu yosungira katundu.

Kaunjika wa ma hard drive

Tinene zoona, ambiri a ife sitigula zatsopano. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 katundu yense wochokera kunja adakwera, ndipo ma hard drive ambiri amene amapezeka m'misika ndi ochotsedwa m'makompyuta akale a ku Joni, ku Dubai ndi kwina. Kugula wotere si tchimo, monga kuvala kaunjika si tchimo. Koma malaya a kaunjika timawatambasula padzuwa kufuna pobooka, pomwe hard drive timangolipira n'kuika m'thumba.

Mbewa ya manyazi idafera kudzenje. Hard drive iliyonse imasunga mbiri yakeyake: maola amene yayaka, kangati yayatsidwa, ndi malo angati pambale amene adaonongeka. Pali kapulogalamu kaulere kotchedwa CrystalDiskInfo kamene kamaonetsa zonsezi pamphindi imodzi, ndipo wokonza makompyuta aliyense wodziwa ntchito yake ali nako. Uzani wogulitsa alumikize muone limodzi. Pakalembedwa Good, pitirizani kukambirana. Pakalembedwa Caution ndi mtundu wachikasu, ndiye kuti mbale idayamba kale kuonongeka, musatenge ngakhale atakutsitsirani mtengo. Kenaka onani pomwe palembedwa Power On Hours, mugawe nambalayo ndi 8,760. Mukapeza maola 35,000, dziwani kuti mukugula chinthu chimene chayaka zaka zinayi zathunthu osazima. Onaninso chaka chimene idapangidwa pakapepala, ndipo muitchere khutu ikamazungulira.

Ngakhale mbiri imeneyi akathyali adaphunzira kuifufuta. Kumayambiriro kwa 2025 atolankhani a za makompyuta a heise ku Germany adaulula kuti ma Seagate Exos ambiri ogwiritsidwa kale ntchito ankagulitsidwa ngati atsopano m'maiko osiyanasiyana, amalonda ena achinyengo atabweza mawotchi ake pa ziro. Ngati zidachitikira ogula a ku Ulaya, ife a pa Mitundu tisadzinamize. Gulani kwa munthu amene ali ndi malo okhazikika, mutenge lisiti lolembedwa nambala ya chipangizocho, ndipo mugwirizane masiku obweza chikavuta. Wogulitsa akakana kumva, kuli bungwe la boma loona za mpikisano ndi chilungamo pamalonda la CFTC limene limalandira madandaulo a ogula.

Chinyengo china chili pa mafulashi ndi tima SSD tolembedwa 2TB togulitsidwa pamtengo wa nkhuku. M'katimo mumakhala katchipi kakang'ono kophunzitsidwa kunama. Kompyuta imaonetsa malo ambiri, zinthu zimaoneka ngati zikulowa, koma katchipiko kakadzaza zatsopano zimafufuta zakale mwakachetechete, ndipo mumadzazindikira tsiku lofuna kutsegula. Koma musakangane ndi wogulitsa mukaona hard drive ya 1TB ikuonetsa 931GB. Kumeneko si kuba. Opanga amawerengera m'masauzande pomwe kompyuta imawerengera m'ma 1,024.

Magetsi, kutentha ndi fumbi

Opanga zipangizozi akamalemba zaka zimene zingakhale amaganizira chipinda chozizira cha magetsi osadukiza. Kwathu kuno zinthu n'zina. Tonse tikukumbukira mdima umene udatsatira namondwe wa Ana mu Januwale 2022, pamene malo opangira magetsi a Kapichira adaonongeka dziko n'kutaya pafupifupi mamegawati 130 mpaka mu 2023. Magetsi akazima hard drive ili mkati molemba, chimene imalembacho chimaonongeka, ndipo nthawi zina chimaonongeka ndi kaundula amene amauza kompyuta pomwe chilichonse chili. Akamabwera amatha kubwera ndi mphamvu yopitirira n'kuotcha kabolodi ka pansi pa hard drive. Jenereta yaing'ono yosakhazikika nayo imachita zomwezo.

Choncho amene bizinesi yake ili m'kompyuta agule UPS, kabokosi ka batire kamene kamagwirizira kompyuta mphindi zingapo kuti aizime bwino, asadaganize zogula masipika akuluakulu. Ndikudziwa kuti masipika ndiwo amaitana makasitomala, koma masipika opanda nyimbo ndi mabokosi chabe. Kabokosi ka makamera nako kamafuna batire lake, popeza akuba amakonda usiku womwe magetsi azima.

Kutentha n'kwinanso. Opanga ambiri amaika malire pa madigiri 60, ndipo m'kashopu ka malata mwezi wa Okutobala, m'bokosi lodzaza fumbi lomwe fani yake idaleka kuzungulira, malirewo sakhala patali. Amayi athu amakonda kufunditsa wailesi ndi TV tinsalu toluka kuti pabalaza pakongole. Pa kompyuta ndi pa kabokosi ka makamera chonde tinsaluto tichoke, ndipo fumbi lizipemereredwa kunja kamodzi pakanthawi.

Pali chinthu chimodzi chimene kapepala ka mtundu uliwonse sikalonjeza: kuti hard drive siidzafa. Yofiirira imafa, yagolide imafa, SSD imafa. Kusankha yoyenera ntchito yake kumangotalikitsa masiku. Zinthu zimene sizingapangidwenso, monga zithunzi za makolo, vidiyo ya ukwati, mapepala a malo, buku la ngongole za makasitomala, zikhale pamalo awiri osiyana, ndipo malo achiwiriwo asakhale m'nyumba yomweyo, chifukwa moto ndi wakuba satenga chimodzi n'kusiya chinzake. Mukalemba wojambula paukwati, mgwirizano ukhale wakuti musadamalize kulipira akupatseni vidiyo yonse, ngakhale yosakonza, pafulashi yanuyanu sabata yomweyo. Ine ndidazengereza miyezi inayi, ndikumati ndidzatenga akamaliza kuikamo nyimbo ndi maluwa.

Wokonza makompyuta uja adatilangiza kuti hard drive yolira motero tisaiyatsenso, chifukwa kuyatsa kulikonse kumaonjezera mikwingwirima pambale. Adatinso tisamvere onena kuti tiiike mufiriji kapena tiimenye pang'ono, ndipo tisayerekeze kuitsegula, popeza kafumbi kamodzi n'kokwanira kumaliza zotsala. Akatswiri otsegula zipangizozi m'zipinda zopanda fumbi aliko, ku Johannesburg ndi kwina, koma mtengo wake umaposa wa hard drive yatsopano kangapo, ndipo salonjeza kuti zitheka. Banja lathu lidakambirana n'kuona kuti pakadali pano sitingakwanitse.

Mnyamata uja adabweza ndalama zanga theka, ndipo ndidalandira chifukwa ndidaona kuti iye adaluza zambiri kuposa ine. Adayambiranso ndi nyimbo zopempha kwa anzake a pa Mitundu. Tsopano ali ndi ma hard drive awiri, ina imagona kunyumba kwa mayi ake, ndipo Lolemba lililonse amapita nayo kushopu kukakopera maukwati a Loweruka.

Yakufa ija adandipatsa. Ndidaikulunga m'pepala la pulasitiki n'kuiika m'sutikesi momwe muli ziphaso za sukulu za ana, mwina tsiku lina ndalama zidzapezeka. Patapita miyezi, mdzukulu wina wa ku Area 23 adapeza m'foni mwake kavidiyo ka masekondi 40 kamene adajambula yekha tsiku la chinkhoswe lija. N'kogwedera, mphepo ikusokosa, ndipo mutu wa munthu wina ukutchinga theka la chithunzi. Koma chakumapeto kwake mayi akuoneka akutembenuka, mpango utapendekeka, akuseka. Kavidiyoko kali m'mafoni asanu ndi pafulashi ziwiri, ina ku Nathenje, ina ku Lilongwe.